Kudzipangira Gitala ya Magetsi

Palibe munthu wokhala ku Migodi kapena m'makomboni a Lusaka amene sanamvepo kulira kwa gitala. Kuyambira kale anyamata akhala akudzipangira mabanjo ndi cigubu ca mafuta, thabwa ndi waya, ndipo akuru akhala akupanga babatoni amene amagunda pansi pa nyimbo za kalindula. Pamene wailesi yochipa ija yochedwa Saucepan Special inafika m'caka ca 1949, mau a Alick Nkhata ndi gitala yace analowa m'nyumba zambiri. M'caka ca 1957 Hugh Tracey anayendera Migodi najambula nyimbo za amuna oimba magitala m'makomboni. Magitala a masiku amenewo anali a bokosi, olira okha popanda magetsi. Koma pofika zaka za m'ma 1970 magulu onga WITCH ndi Amanaz a ku Kitwe, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, anadzaza maholo ndi mau a gitala ya magetsi.

Gitala ya magetsi ya m'sitolo ndi ya mtengo wapatali, ndipo munthu wodikira malipiro a pamwezi, amene ali ndi ana a pasukulu, sangaigule msanga. Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti gitala yotere siyenera kugulidwa yathunthu. Ingathe kulumikizidwa ndi ziwalo zosiyanasiyana, khosi locokera kwina, thupi losemedwa ndi kalipentala wa pamsika, ndi zitsulo zocotsedwa ku gitala yakufa. Munthu wodziwa kugwira rula ndi sikuruudiraiva angathe nchito imeneyi, malinga adziwe malamulo ace. Wosawadziwa amataya ndarama, ndipo ena anataya ngakhale moyo, monga zidzamveka kumapeto kwa nkhani ino.

Mmene Imalirira

Gitala ya bokosi imalira cifukwa nsambo zimagwedeza thabwa lopyapyala la pamwamba, ndipo thabwalo limagwedeza mpweya. Gitala ya magetsi kawirikawiri iribe bokosi. Thupi lace ndi thabwa locindikala lopanda mphako, kotero kuti poiimba payokha mau ace samveka ngakhale kuseri kwa citseko. Cimene cimatola mau ndi kanthu kokhala pansi pa nsambo, kamene oimba amakacha pikapu.

M'kati mwa pikapu ya mtundu wa Fender muli timaginito 6, kamodzi pansi pa nsambo iri yonse. Mozungulira timaginitoto amakulunga waya wa mkuwa woonda ngati tsitsi, wopakidwa vanishi kuti usagundane wokhawokha. Wayayo amazungulira pafupifupi ka 8,000, ndipo atamasulidwa ndi kutambasulidwa angafike kilomita imodzi. M'caka ca 1831 Michael Faraday wa ku London anaonetsa kuti mphamvu ya maginito ikamasintha pafupi ndi waya wokulunga, m'wayamo mumabadwa magetsi. Nsambo ya citsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito imasintha mphamvuyo, ndipo magetsi obadwawo amanjenjemera molingana ndi nsamboyo. Nsambo yacisanu, yokungidwa bwino, imanjenjemera ka 110 pa sekondi imodzi, ndipo magetsi ace amatero cimodzimodzi. Magetsiwo ndi ocepa, kawirikawiri osafika volti imodzi, cifukwa cace amapita pa nthambo ku ampulifaya imene imawakuza ndi kuwapereka ku sipika.

Apa pakuoneka cifukwa cace nsambo za nailoni sizigwira nchito pa gitala yotere, pakuti maginito sakoka nailoni. Anthu a ku Migodi ayeneranso kudziwa kuti maginito a mapikapu ambiri ndi a citsulo cochedwa alnico, cosanganiza aluminiyamu, nikelo, kobalti ndi citsulo wamba. Mkuwa ndi kobalti ndi miyala imene amuna a ku Nkana aikumba kwa zaka zambiri.

Cifukwa Cace Imatheka Kumasula

Gitala ya magetsi yoyamba kugulitsidwa inaturuka ku Los Angeles m'caka ca 1932, yopangidwa ndi George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker. Anthu anaicha Frying Pan cifukwa inaoneka ngati ciwaya cokazingira. Ca m'ma 1940 woimba wina dzina lace Les Paul anatenga mtanda wa paini, naumangirira khosi, nsambo ndi mapikapu, naonetsa kuti bokosi silifunika konse.

Koma amene anatsegulira njira amisiri a kunyumba ndiye Leo Fender wa ku Fullerton, California. Iyeyu sanali woimba gitala iai, anali wokonza mawailesi, ndipo anaganiza monga makaniki. M'caka ca 1950 anaturutsa gitala imene m'caka cotsatira inachedwa Telecaster, ndipo m'caka ca 1954 anaturutsa Stratocaster. Amisiri akale ankamata khosi ku thupi ndi guluu, ndipo kampani ya Gibson inateronso pa gitala yace ya Les Paul ya 1952. Fender anamanga khosi ndi masikuruu 4 basi, kuti likaonongeka licotsedwe ndi kuikapo lina monga gudumu la njinga. Pa Stratocaster mapikapu, swichi ndi zopotokola za mau zonse anazimanga pa mbale imodzi ya pulasitiki, imene imacoka yonse pamodzi. Cifukwa ca nzeru imeneyi, mafakitale ambiri amapanga makosi, matupi ndi mapikapu potsata miyeso ya Fender, ndipo munthu woyamba kumene acita bwino kutsata mtundu umenewu.

Muyeso Wosati Nkuuphonya

Asanagule kanthu kali konse, mmisiri ayenera kumvetsa muyeso umodzi umene ulamulira gitala yonse. Nsambo imanjenjemera pakati pa malo awiri, kafupa ka kumutu kwa khosi ndi buriji, ndiko kacitsulo ka pathupi kamene nsambo zimakhalapo. Pa magitala ambiri a Fender mtunda umenewu ndi mamilimita 648, ndipo pa ambiri a Gibson ndi pafupifupi 628. Tizitsulo topingasa pa khosi, tochedwa mafureti, timaikidwa mwa masamu: mtunda wa nsambo umagawidwa ndi 17.817, ndipo yankho lace ndilo malo a fureti yoyamba. Pa khosi la mamilimita 648 fureti yoyamba iri pa 36.4. Mtunda wotsalawo umagawidwanso cimodzimodzi kuti papezeke fureti yaciwiri, ndi kumapitirira cotero. Fureti ya 12 imagwera pakati penipeni, pa mamilimita 324.

Cotero lamulo lace ndi ili: munthu ayese kucokera pa kafupa kufika pa fureti ya 12, awirikize kawiri, ndipo pamenepo ndipo payenera kukhala buriji. Wotenga khosi la muyeso wa Gibson ndi kulimanga pa thupi limene buriji yace inaikidwira khosi la Fender adzakhala ndi gitala yokongola imene sidzaimba nyimbo molongosoka, ngakhale aikunge tsiku lonse. Cinanso, tsinde la khosi la Fender ndi lotambalala pafupifupi mamilimita 56, koma la Stratocaster ndi lozungulira kumapeto pamene la Telecaster ndi la ngodya, ndipo sizilowana bwino. Akuru anati safunsa anadya phula. Wogula ziwalo apite ndi rula m'thumba.

Thupi ndi Khosi

Kupanga khosi ndi nchito yobvuta, yofuna zida zabwino, ndipo woyamba kumene angopeza khosi lopangidwa kale. Polisankha aliyang'ane kucokera kumutu monga kalipentala ayang'anira thabwa. Khosi lopindika pang'ono cakutsogolo limaongoka, koma lopotoka ngati cingwe liribe mankhwala. Aonenso ngati ndodo ya citsulo ya m'kati mwa khosi ikali kutembenuka, pakuti nsambo 6 zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 40, ndipo ndodo imeneyi ndiyo imalimbana nazo.

Thupi ndilo losabvuta. Fender anagwiritsa nchito mitengo ya kwao yochedwa ash ndi alder, ndipo Gibson anagwiritsa nchito mahogany. Mbawa ndi mbale wace wa mahogany, ndipo opanga magitala a maiko akutali amaigula ku Africa. Mlombwa, umene ambiri m'Zambia amaucha mukwa, umadziwika kuti supindika ukauma. Cofunika ndi cakuti thabwa likhale louma ndithu, locindikala mamilimita 44 kapena 45. Thabwa laliwisi limang'ambika mwezi wa October usanathe. Dzenje lolowamo khosi lisemedwe mosamala, losalala pansi, kuti khosi lilowe mothina popanda kugwedera. Kupaka penti kapena vanishi kucitike maenje onse atasemedwa ndipo ziwalo zonse zitayesedwa m'malo mwace.

Kulumikiza

Khosi lisamangidwe mothamanga. Poyamba aligwire ndi cipanira m'dzenje lace, ndipo akoke ulusi uwiri kucokera pa kafupa kufika pa buriji, m'malo mwa nsambo yoyamba ndi yotsiriza. Ngati mpata wa pakati pa ulusi ndi m'mphepete mwa khosi uli wofanana mbali zonse ziwiri, khosi laongoka. Ngati sizitero, nsambo imodzi idzaterereka kugwa pa khosi nthawi iri yonse imene cala ciikanikiza. Pamenepo ndipo aboole. Sikuruu iri yonse iyenera kukhala ndi kabowo kace koyamba kaboledwa, kocepa pang'ono kuposa sikuruuyo, ndipo nsonga yace ipakidwe kandulo kapena sopo. Mtengo wolimba umang'ambika kapena kuthyola sikuruu yolowetsedwa mwamphamvu. Pa coboolera amange kansaru kosonyeza kuya kwace, kuti cingabulukire ku mafureti.

Mawaya a m'kati ndi ocepa, ndipo ali yense amene anatsegulapo wailesi sadzaopa. Pikapu iri yonse iri ndi mawaya awiri, wina wonyamula mau ndi wina wa ethi. Wonyamula mau amapita ku swichi yosankha mapikapu, kucoka apo ku copotokola ca volyumu, ndi kumalizira pa soketi yolowamo nthambo ya ampulifaya. Copotokola ca toni cimagwira nchito pamodzi ndi kapasita kakang'ono, kamene kamataya mau akuthwa ku ethi ndi kusiya mau okhuthala. Mapikapu a mtundu wa Fender amayenda ndi zopotokola za ma ohm 250,000, ndipo mapikapu a makoilo awiri amayenda ndi za 500,000. Mawaya onse a ethi akumane pa msana wa copotokola ca volyumu, ndipo waya mmodzi apite ku buriji kuti nsambo nazo zikhale pa ethi. Powocherera, citsulo citenthe malo olumikizawo mpaka mtovu usungunuke wokha ndi kuyenderera. Mfundo yabwino imawala, ndipo yotuwa ndi yamabwinya ndiyo imadzaleka kugwira nchito pakati pa dansi.

Nsambo zisanaikidwe, gitala ilumikizidwe ku ampulifaya ndipo pikapu iri yonse igogodedwe pang'ono ndi sikuruudiraiva. Ikamveka pa sipika, mawaya ali bwino.

Mdani Wochedwa Mng'ung'uzo

Pikapu ya koilo imodzi imatolanso magetsi a m'nyumba, amene m'Zambia amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo pa sipika pamamveka kung'ung'uza kosaleka ngati njuci. Seth Lover wa kampani ya Gibson anapeza mankhwala ace m'caka ca 1955, ndipo pikapu yace, yochedwa humbucker, inayamba kuikidwa pa magitala a Les Paul m'caka ca 1957. Iye anaika makoilo awiri moyandikana, olumikizidwa mosemphana, ndi maginito oyang'ana mosemphananso. Mng'ung'uzo wolowa mu koilo imodzi umafafanizidwa ndi wolowa mu inzace, pamene mau a nsambo amaphatikizana. Cifukwa cace humbucker imalira mokhuthala ndi mwamphamvu, ndipo ya koilo imodzi imalira mowala ndi mwakuthwa. Wosafuna kusintha pikapu angacepetse phokoso pomata pepala la mkuwa kapena la aluminiyamu m'maenje onse a mawaya ndi kulilumikiza ku ethi.

Kuikonza Kuti Iimbike

Gitala yomangidwa kumene sikhala yokoma m'manja, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Nchito zinai zicitike motsatana. Yoyamba ndi ya khosi: nsambo zitakungidwa, munthu akanikize nsambo yaikuru pa fureti yoyamba ndi pa yotsiriza, ndipo pa fureti ya 8 patsale kampata ka pafupifupi kota ya milimita. Ngati mpatawo wakula, ndodo ya m'khosi imangidwe, ndipo ngati palibe mpata imasulidwe, koma osapitirira kota ya kuzungulira nthawi imodzi, pakuti ndodoyo ikathyoka khosi latha. Yaciwiri ndi kukweza kapena kutsitsa buriji mpaka nsambo zitatalikira fureti ya 12 ndi milimita imodzi ndi theka kapena awiri. Yacitatu ndi kulinganiza mau: nsambo yokanikizidwa pa fureti ya 12 iyenera kupereka liu lomwelo la nsambo yosakanikiza, koma lokwera kawiri. Likakwera mopitirira, kampando ka nsamboyo pa buriji kabwezedwe kumbuyo, kutali ndi khosi, ndipo likatsika kasendezedwe kutsogolo. Yacinai ndi kutalika kwa mapikapu, mamilimita awiri kapena atatu pansi pa nsambo yokanikizidwa pa fureti yotsiriza. Pikapu yoyandikitsa imakoka nsambo ndi kusokoneza mau ace.

Mtengo umamwa cinyezi m'dzinja ndi kuuma m'cirimwe, kotero khosi limasuntha ndi nyengo. Mwini gitala aliyesenso mvula ikayamba ndiponso ikatha. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Amene Anayesa Kale

Munthu asayese kuti gitala yolumikiza ndi ya amphawi okha. M'caka ca 1963 mnyamata wa ku England dzina lace Brian May, posowa ndarama zogulira Fender, anayamba kupanga gitala pamodzi ndi atate wace Harold. Khosi analisema ku mtengo wa mahogany wocotsedwa pa coothera moto ca m'nyumba yakale. Masipuring'i a buriji anawatenga ku injini ya njinga yamoto, ndipo zizindikiro za pa khosi anazisema ku mabatani a amai wace. Gitala imeneyo, yochedwa Red Special, ndiyo imamveka m'nyimbo za gulu la Queen.

M'caka ca 1970 Eric Clapton anagula magitala 6 akale a Stratocaster mu mzinda wa Nashville. Atatu anapatsa anzace, ndipo pa atatu otsalawo anasankha ziwalo zabwino koposa napanga gitala imodzi yochedwa Blackie. M'caka ca 2004 inagulitsidwa ku New York pa madola 959,500, ndipo ndaramazo zinapita ku cipatala cothandiza anthu ogwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ku Antigua.

Eddie Van Halen, m'zaka za m'ma 1970, anagula thupi lokhala ndi mfundo pa madola 50 ndi khosi pa madola 80. Iye anafuna mau a Gibson pa gitala ya maonekedwe a Fender, cotero anakuza dzenje ndi chizulo, naikamo humbucker yocotsedwa ku gitala ya Gibson, nasiya copotokola cimodzi cokha ca volyumu. Pikapuyo anainyika mu phula la kandulo losungunula kuti mawaya ace asanjenjemere ndi kulira likhweru ampulifaya ikakwezedwa. Njira imeneyi imagwirabe nchito, koma phulalo lisungunulidwe m'citini coikidwa m'madzi otentha, osati pamoto, cifukwa limayaka, ndipo likatenthetsa limasungunula pikapu.

Kusintha kwina kunayamba ndi oimba wamba. Swichi ya Stratocaster yoyamba inali ndi malo atatu okha, koma oimba anapeza kuti poiimika pakati pa malo awiri, nthawi zina ndi kamtengo ka machesi, mapikapu awiri amalira pamodzi mokoma. M'caka ca 1977 kampani ya Fender inagonja niyamba kuika swichi ya malo 5. Wofuna kusintha gitala yace asinthe cinthu cimodzi pa nthawi imodzi ndi kumvetsera, kuti adziwe cimene cathandiza, ndipo asunge ziwalo zakale.

Cenjezo

Magetsi a m'gitala sangaphe ngakhale nkhuku, koma nsambo zalumikizidwa ku buriji, buriji ku nthambo, ndipo nthambo ku citsulo ca ampulifaya, imene imadya mavolti 230 a pakhoma. Ampulifaya ikakhala yopanda ethi ndipo waya wamoto akakhudza citsulo cace m'kati, nsambo zonse 6 zimasanduka nthambo zamoto m'manja mwa woimba. M'caka ca 1972 Leslie Harvey wa gulu la Stone the Crows anafa pamaso pa anthu mu holo ya ku Swansea atagwira maikolofoni yopanda ethi. M'caka ca 1976 Keith Relf, amene anali woimba wa gulu la Yardbirds, anafa m'nyumba yace ku London alikuimba gitala ya magetsi.

Cifukwa cace dzino lalitali la pulagi, limene ndilo la ethi, lisadulidwe konse, ngakhale wina anene kuti kutero kumathetsa mng'ung'uzo. Mawaya osabvala asalowetsedwe mu soketi ndi timitengo. Munthu asaimbe wopanda nsapato pa simenti yonyowa kapena pabwalo mvula iri kugwa. Akamva kuluma pa milomo poyandikira maikolofoni, aleke pomwepo ndi kuzimitsa zonse. Ndiponso asatsegule ampulifaya ya mavalavu, pakuti makapasita ace amasunga mavolti mazana angapo ngakhale pulagi itazulidwa. Imeneyo ndi nchito ya mmisiri wa magetsi wophunzira, ndipo ku Migodi otere sasowa.

Mutu umodzi susenza denga. M'komboni imodzi mumapezeka kalipentala wodziwa mitengo, fitala wodziwa kuyesa mpaka kagawo ka milimita, wokonza mawailesi wodziwa kuwocherera, ndi woimba wa makutu akuthwa. Anthu anai otere akagwirizana, gitala imene iri m'zidutswa pansi pa bedi ingathe kulira pa ukwati mwezi usanathe. Wofuna kuyamba apeze khosi labwino coyamba, aliyese kucokera pa kafupa kufika pa fureti ya 12, alembe nambalayo pa pepala, ndipo zina zonse azigule potsata nambala imeneyo.